Mmene Ndinaphunzitsira Alamu Kuima

9 Epulo

Okondedwa mayi a ana anga,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu, wa adzukulu, ndi wa bondo lanu lija lodziwa za mvula kuposa a pa wayilesi. Ife kuno tili bwino, ine ndi achimwene anu. Tinafika amoyo, koma matako anatsalira pa mpando wa basi. Mukawaona akubwerera okha musawapirikitse, ndi anga.

Ntchito tinaipeza monga anatilonjezera adalaivala a lole. Iwowo ndi amene azikubweretserani makalatawa, pakuti foni kuno imagwira pokhapokha utakwera pa thanki ya madzi, ndipo pa msinkhu wanga uno kukwera thanki ndi kudziitanira maliro.

Simungakhulupirire kumene atiika. Ndi pa mgodi pomwe paja tinkagwira ine ndi alamu tsitsi lisanathothoke. Golide anatha, mgodi anautseka kalekale, ndiye eni ake anakhala pansi nati, za pansi tadya zatha, tsopano tidye za pamwamba. Anazunguliza waya malo onsewo naikamo nyama za m'tchire kuti alendo olemera azibwera kudzazijambula. Nyamazo si za pano ayi, zinabwera pa lole ngati ife tomwe. Njati ili ndi mapepala ake ndi dokotala wake, ndipo mtengo wa imodzi mukhoza kugulira mbuzi zonse za kwathu ndi eni ake omwe. Ndinauza alamu kuti tinalakwitsa kubadwa opanda nyanga.

Dziko lake ndi lomwe lija: lathyathyathya, udzu wofiirira, mitengo yaminga youmira mthunzi, ndi mapiri achikasu aja amene sanaumbe Mulungu koma ife ndi mafosholo athu. Komboni imene tinkagona idakalipo, denga lokha linapita. M'chipinda chathu mukukhala banja la njiri. Ndinaodira mwaulemu, bambo wa panyumbapo anatuluka mchira uli m'mwamba, ndipo ndinaona kuti m'nyumba akusamala kuposa mmene tinkachitira ife. Alamu sanaseke. Anaima pakhomo akuloza mabedi a simenti aja, akutchula amene ankagona pa lililonse. Ena mwa iwo adakali pansi pa mapazi athu, ndipo mbidzi zikudya udzu pamwamba pawo.

Ntchito yathu ndi kuyenda m'mbali mwa mpanda, cham'kati, awiriawiri, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Wina amayang'ana waya ngati waduka kapena nungu yakumba pansi pake, wina amayang'ana tchire. Mfuti satipatsa. Akuti nkhalamba ikagwira mfuti alendo angachepe.

Pokwera basi munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwawatenga ndinu, mudzabwere nawo." Ndinamva, mayi. Za malata zikakwana tibwera awiri, ndipo ndidzawapereka m'manja mwanu ali onenepa.

Mbuzi yamawanga ija musagulitse, ngakhale ogula akulireni misozi.

Ine mwamuna wanu, amene munamusankha maso muli nawo.


4 Meyi

Mayi a ana,

Kalata yanu yafika, ndipo ndakondwa kuti nonse mwadzuka. Ife tilipo. Chisanu chayamba, chija cholowa mu buluku osaodira. Ndagula bulangete pa sitolo ya pa geti, mtengo wake sindikuuzani kuopa kuti bondo lingatupe. Nsapato za mdzukulu wamkulu gulani zokulirapo, phazi lake likufanana ndi la kuchimuna.

Pali kanthu kakang'ono, musadandaule nako.

Mukudziwa lamulo la mu mgodi, ndinakuuzani kambirimbiri. Mwala wa pamwamba ukalira kuti thya, umataya fosholo n'kuthawa, osacheuka, osafunsa. Amene ankafunsa kuti chalira n'chiyani ndi aja alamu ankawatchula pa mabedi a simenti. Lamulo limeneli silikhala m'mutu, limakhala m'miyendo. Achimwene anu anali katswiri wake, n'chifukwa chake muli ndi mlongo mpaka lero.

Tsono kuno lamulo ndi lotembenuza. Kapitawo wathu ndi mayi wamfupi wonyamula mfuti yotalika ngati iye mwini. Tsiku loyamba anatiimika nati, "Madala, mukakumana ndi mkango, imani. Kwa mkango chothawa ndi ndiwo. Muime nji, muuyang'ane, kenako mubwerere chafutambuyo pang'onopang'ono." Tinagwedeza mitu. Miyendo sinagwedeze kanthu.

Lachiwiri tikudutsa pa kamtsinje kouma, nthambi inathyoka m'tchire, thya! Ndisanatembenuke n'komwe, alamu anali kutali, chipewa chili m'malere, akuthamanga ngati mwana wakuba zipatso za eni. Mkango waukazi umene unagona pa mchenga osatilabadira unadzuka, nuyamba kuwatsata. Mwayi wake galimoto ya kapitawo inali kubwera m'mbali mwa mpanda. Anaombera m'mwamba, mkango unakhota ngati wakumbukira zina. Ine ndinaima, mayi, koma musandiyamikire. Buluku linakodwa mu waya.

Kapitawo anakalipa mpaka mawu kusasa. Anati, "Agogo awa akathawanso kamodzi ndiwakweza basi. Sindinalembedwe ntchito yotola mafupa a makolo a eni." Alamu anagwira chipewa pachifuwa ngati mwana wa sukulu. Titatsala awiri anandiuza kuti, "Alamu, ine sindinamve mkango, ndinamva denga." Ndinati, "Denga liti, achimwene, pamwamba panu pali mitambo yokha?" Anangoyang'ana pansi.

Kubwerera chimanjamanja sakufuna, kudyedwa sindingalole. Ndaganiza nzeru ina, ndikuuzani ikapsa.

Ine nkhalamba yanu ya buluku long'ambika.


1 Juni

Okondedwa abwana a pakhomo,

Moni kwa inu ndi onse odya m'manja mwanu. Ife tili moyo. Chifuwa changa chimaimba m'mawa, koma nyimbo zake ndi zakale, tinazolowerana. Tumani munthu akaone mlongoti wa khola, ndinausiya ukupendekera ngati chidakwa.

Dziwani kuti mwamuna wanu wa sitandade folo watsegula sukulu. Mwana wa sukulu ndi mmodzi, waimvi. Ndimatola timitengo touma n'kudzaza m'thumba la jekete. Tikamayenda ndimatsalira m'mbuyo ngati ndikumanga nsapato, kenako thya! Sabata yoyamba alamu ankafika pa mzati wachitatu asanazindikire. Ankabwerera akupuma wefuwefu, akutukwana amayi anga amene sanawalakwire. Ine kuseka mpaka kukhala pansi. Anzathu a ntchito awapatsa dzina loti Liwiro, ine akunditcha Ahedi. Wophika wa pa kampu amati akagwetsa supuni amafuula, "Gwirani a Liwiro!"

Tsopano zikusintha. Ndikathyola kamtengo amadumpha, phazi limodzi limapita, linalo limakana. Amaima atakumbatira mzati, thukuta lili kamukamu pa chisanu chonsechi. Ndimati, "Mwakhoza, khalani pansi, mawa mubwere ndi makolo." Dzulo anandiyang'ana nati, "Alamu, mukundichotsa chinthu chimene chinandisunga zaka zonsezi." Ndinati, "Chinakusungani pansi, achimwene, kuno ndi pamwamba." Anati, "Mukutsimikiza?"

Funso lawolo lili ndi pogwira. Nthaka ya kuno ndi yamphako ngati chulu cha chiswe. Ife tinadya mkati mwake, makina anapopa madzi onse, chatsala ndi chikhungwa. Nyumbu zikamathamanga pansi pamalira ngati ng'oma. Kuli malo ena anazikako zikhomo zofiira, akuti kumeneko nthaka imatha kutsegula pakamwa, ndipo alendo sapita nawoko. Koma mpanda wathu uli kutali ndi zikhomozo, anayeza ndi makina, ndiye mtima pansi.

Palinso paipi yakale ya mgodi imene imatsata mpanda, ndiyo imapereka madzi ku dziwe la nyama. Dzuwa likafika pamutu imagogoda yokha, nga, nga, nga. Kapitawo akuti ndi chitsulo chikutambasuka ndi kutentha. Zoona. Koma mu mgodi munthu akatsekeredwa ndi miyala ankagogoda paipi chomwecho, ndipo womva ankayankha, ngakhale akhale mdani wake. Tikamadya masana ikayamba, tonse awiri timasiya kutafuna. 

Ine Ahedi anu osalipidwa.


13 Julayi

Mayi a ana anga,

Ndikhulupirira muli bwino. Mwalemba kuti ndisiye kuseweretsa achimwene anu ngati chidole. Mvetserani kaye, kenako mundipepese.

Loweruka tinakumana ndi njati yamphongo, yokalamba, ija anzake anaithamangitsa m'gulu, yoipa mtima ngati wamasiye wolandidwa munda. Inatulukira pa chitsamba, nthambi zili thya thya thya. Alamu anali patsogolo. Mayi, anaima! Anaima nji, manja pansi, chibwano m'mwamba, ngati msilikali wa pa chipata. Njati inawayang'ana, iwo anaiyang'ana, nkhalamba ziwiri zopanda kwawo. Kenako inafwenthera n'kutembenuka. Ine ndinali kumbuyo kwa mzati wa pangodya, ndikuyang'anira mayeso monga mphunzitsi.

Kapitawo atamva anawagwira chanza pamaso pa onse nati, "Agogo, tsopano ndinu munthu wa m'tchire." Wophika anawaonjezera nyama. Achimwene anu akuyenda chifuwa chili patsogolo, ndipo akuti dzina la Liwiro libwezedwe kwa mwini wake. Ndikathyola kamtengo tsopano satembenuka n'komwe, amangoti, "Alamu, nkhuni zikutha." Ndinawakumbutsa kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Anati mbuzi ndi ine.

Za malata zatsala pang'ono. Funsani kalipentala ngati adzakhale ndi mpata mu Okutobala, koma osati uja anakhoma chitseko cha alongo anga chotsegukira kumwamba. Alamu akuti muuze akazi awo asiye kubwereka wilibala, akubweretsa yawoyawo. Aigula kale, yobiriwira, amaipukuta tsiku ndi tsiku ngati galimoto.

Paipi ija yayamba kudontha chapakati pa njira yathu. Udzu wamera wobiriwira pakati pa chilimwe, wokongola kwabasi, koma mbidzi zikuulambalala. Tanena ku ofesi, akuti okonza abwera mwezi wa mawa. Pakadali pano timavula nsapato n'kudutsa, matope ake ozizira bwino.

Ine mwamuna wanu, woyembekezera chipepeso.


24 Ogasiti

Mayi,

Sindifunsa moyo wanu, ndikuudziwa.

Uthenga munaumva pa foni kuchokera kwa kapitawo. Anakwera yekha pa thanki kuti akuuzeni. Anandiitana kuti ndikwere ndilankhule nanu, sindinakwere. Mukhululuke.

Zinachitikira pa udzu wobiriwira paja, m'mawa, dzuwa litakwera pang'ono. Nthaka inatseguka. Dzenje lake mukhoza kuikamo tchalitchi ndi mtengo wa pabwalo pake. Linameza mizati, waya, ndi achimwene anu. Paipi yokha inatsala ikulendewera m'mphepete, mbali ina italowa pansi. Kunabwera anthu a zingwe ndi makina, anayesa masiku angapo, koma akayandikira m'mphepete mumagumuka. Mkulu wawo anavula chisoti nati akapitiriza aonjezera maliro. Sindinamutsutse. Ntchito imeneyo ndinaigwirapo, ndikudziwa pamene amasiyira.

Azunguliza waya watsopano ndi zikhomo zofiira. Abusa a ku tauni anabwera kudzapemphera, ataima patali ndithu.

Ndapatsa adalaivala chikwama chawo, bulangete, malipiro awo ndi wilibala. Nsapato zawo zilimo. Anali atazivula kuti adutse matope, ndinawanyamulira ndine. Mupereke zonse kwa akazi awo. Za chipepeso cha kampani kapitawo akulemba mapepala, ndi mayi wachilungamo.

Ine sindinavulale paliponse. Ngakhale kakhungu.

Ine.


28 Sepitembala

Okondedwa mayi a ana anga,

Moni. Adalaivala abwera kawiri opanda kalata yanu. Ulendo uno ndinawafunsa ngati mbewa zadya mapepala onse kwathu. Sanaseke. Anati munaima pa chitseko cha lole n'kuwatuma mawu apakamwa: "Mukawafunse. Achimwene anali othamanga. Zinatheka bwanji?"

Ndamva funsolo. Ndiyankha. Mundilole ndiyambe ndi zina.

Kwatentha tsopano, mphepo ikuulutsa fumbi lachikasu la m'mapiri aja, likulowa m'mano. Alendo achuluka. Galimoto zawo zikumaima pa dzenje, akumajambula. Wowayendetsa amawafotokozera mbiri ya golide, chaka chimene anamupeza ndi mmene anamangira mizinda. Amalankhula bwino mnyamatayo. Za munthu satchula, akuti alendo angataye chilakolako cha chakudya.

Masana ndimakadyera pafupi ndi paipi. Anaidula, madzi sapitanso, koma dzuwa likafika pamutu imagogodabe. Ndikudziwa kuti ndi kutentha. Sitandade folo si yochepa. Koma ndimatenga chodulira waya n'kuyankha, nga, nga, nga. Imakhala duu, kenako imayambanso. Wophika akuti ndisiye, ndipenga. Ndinamuuza kuti kupenga ndinayamba ndisanakukwatireni, palibe chatsopano.

Andipatsa mnzanga wina woyenda naye, nkhalamba yochokera dziko lina, ya mu mgodi ngati ife. Chilankhulo sitimvana, koma chifuwa chake ndi changa zimacheza. Tsiku lachiwiri nkhanga inathyola kanthambi, mkuluyo anataya chikwama, liwiro. Ndinamuyang'ana akupita, zidendene zikumenya m'matako, ndipo sindinaseke. Ine amene.

Kapitawo anandiitana nati, "Ahedi, mikango yaswa, ili ndi ana, ino si nthawi yothawa. Muphunzitseni monga munachitira ndi alamu anu. Palibe wina angathe." Sananene mwachipongwe, ndipo sananame. Mkuluyo akapanda kuphunzira adyedwa. M'mawa mwake ndinatola kamtengo, ndinatsalira m'mbuyo, ndinakagwira ndi manja awiri. Ndinayang'ana msana wake, jekete yazigamba, khosi lowonda. Ndinayang'ana pansi pamene ankaponda. Kamtengoko ndinafika nako ku kampu kali kamphumphu.

Ndauza kapitawo kuti sukulu yatsekedwa. Mkuluyo amusamutsira ku khitchini kukasenda mbatata, ine ndigwira ntchito mpaka kutha kwa mwezi wa mawa.

Funso lanu ndiyankha m'kalata ina. Pepala latha.

Ine mwamuna wanu, ngati mukundiwerengerabe.


26 Okutobala

Mayi a ana anga,

Ndikupempha Mulungu kuti kalatayi ikupezeni muli ndi mphamvu. Pepala silinathe tsiku lija, ndinanama. Lero ndagula lokwanira.

Tinafika pa matope paja monga masiku onse. Alamu anavula nsapato n'kundipatsa, akuti wophunzira akakhoza mphunzitsi amanyamula katundu. Analowa pa udzu, ine ndili m'mbuyo ndikupinda buluku. Pamenepo panalira thya. Sikanali kamtengo, mayi. Kunali kulira kuja kwa pansi, kumene kumalowera ku mapazi kusanafike ku makutu. Munthu amene anakumvapo sangakusokoneze.

Nthawi inalipo. Ndikunena zoona, inalipo yokwanira. Achimwene anu a mu Epulo akanafika pa mzati wachitatu, chipewa chili m'malere, ndipo lero akanakhala akukutukwanirani apongozi anu. Ndinaona phazi lawo likunyamuka lokha. Ndinaona akulibweza pansi. Anaima nji, manja pansi, chibwano m'mwamba. Kenako anatembenuza mutu, akumwetulira ndi mano awo atatu aja, nati, "Alamu, mwaona?"

Ankaganiza kuti ndi ine ndi timitengo tanga.

 Sindinafuule kuti thawani. Ndinamva mawu awo ndili kale pa liwiro, nsapato zawo zili m'manja. Miyendo yanga palibe anaiphunzitsa kuima, mayi, pakuti wothyola timitengo ndinali ine. Pamene ndinacheuka panali fumbi lokha.

Yankho lanu ndi limenelo. Kapitawo akuti si mlandu wanga, akuti popanda sukulu yanga njati ija ikanawapha mu Julayi. Mwina. Ndayesa kuziika pa sikelo uku ndi uku, sizikukhazikika. Chimene ndikudziwa n'chakuti munati ndidzabwere nawo, ndipo ndikubwera ndekha.

Dzulo masana ndinapita ku paipi kukatsanzika. Ndinauza alamu kuti wilibala inafika, kuti mdzukulu wawo wayamba kukwawa, ndi kuti nkhuni zatsala zambiri. Ndinagogoda. Kunali mitambo, paipi sinayankhe.

Malata ndagula, abwera ndi lole yomweyi. Amenewo ndi anu, alandireni, sanalakwe kanthu. Kalipentala ayambe mvula isanagwe. Ine ndinyamuka ndi ulendo wotsatira wa adalaivala, koma sindidzatsikira pakhomo. Ndidzatsikira pa chigayo. Mukawerenga kalatayi muwerengerenso akazi a alamu, osadumpha mzere. Mukatha, ngati pakhomo pali malo anga, mutume munthu adzandiuze. Mukapanda kutuma sindidzadandaula, ndipo sindidzabwera kudzagogoda. A chigayo ali ndi benchi pakhonde, ndipo amandidziwa kuti ndine wocheza.

Ine mwamuna wanu.